Khutu Liyambe, Diso Litsatire: Katchulidwe ka -ed m'Chingerezi

Lero tikambirana za zilembo ziwiri zokha za Chingerezi, e ndi d, zimene zimaikidwa kumapeto kwa mneni posonyeza kuti ntchito idachitika kale. Aliyense amene adapondako ku pulayimale akuzidziwa. Mphunzitsi amalemba pabolodi walk, pambali pake walked. Play, pambali pake played. Want, pambali pake wanted, kenaka kalasi yonse n'kuwerenga pamodzi mokweza. Pabolodipo mawu atatuwo akuthera mofanana, ndipo mwana wanzeru amaganiza kuti zofanana polemba ziyeneranso kufanana potchula. Ndiye mumamva kalasi ikuimba kuti wokedi, puleyedi, wantedi. Mwanayo waganiza bwino ndithu, koma bolodi ndilo lamusocheretsa. Pa mawu atatuwo, wanted yekha ndiye ali ndi phatikizo loonjezera. Walked ndi phatikizo limodzi lothera ndi liwu la t, ndipo played ndi phatikizo limodzinso lothera ndi liwu la d. Ambiri amati vutoli limadza chifukwa lilime la Mmalawi ndi lolemera pa Chingerezi. Ine ndikukana. Nkhani imeneyi ndi ya khutu koma ife timaiphunzitsa ndi maso, pomwe zida zonse zoimvetsera zili kale m'Chichewa chimene timayankhula kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Lamulo lenilenilo ndi lalifupi kuposa momwe anthu amaliopera, ndipo mutha kuliyesa pomwe mwakhalapo. Ikani zala ziwiri pakhosi, pamene pali kholingo, munene sssss monga poyambira pa mawu akuti sula. Pakhosipo pali zii. Tsopano nenani zzzzz monga poyambira pa zula. Mukumva kunjenjemera pansi pa zalazo. Yesaninso fffff wa fula ndi vvvvv wa vula. Milomo ndi lilime sizikusuntha, chosiyana n'chakuti pena ukutuluka mpweya wokha, pena mpweyawo ukutuluka pakhosi pakunjenjemera. Kusiyana kumeneku ndiko kumalamula kamchira ka -ed. Mneni akathera ndi liwu la mpweya wokha, monga p, k, f, s, sh kapena ch, kamchirako kamamveka t, choncho stopped, cooked, missed, washed ndi watched amatchulidwa stopt, kukt, mist, wosht ndi wocht. Akathera ndi liwu lonjenjemeretsa pakhosi, monga b, g, v, z, m, n, l, kapena liwu la m'gulu la a, e, i, o, u, kamamveka d, monga mu robbed, begged, loved, cleaned, called ndi played. M'magulu awiriwa e uja ali m'tulo, salowa n'komwe m'kamwa. Amadzuka pokhapokha mneni akathera kale ndi liwu la t kapena d, monga want, need, start ndi visit. Apa t wina sangamveke atagundana ndi t mnzake, motero Chingerezi chimalowetsa kaliwu kakafupi pakati n'kubala phatikizo latsopano: wontid, nidid, statid, vizitid.

Mwamva kuti ndikuti liwu, sindikuti chilembo, ndipo apa m'pomwe ophunzira odalira maso amagwera m'mbuna. Mneni laugh amathera ndi zilembo g ndi h, koma khutu limamva f, ndiye laughed ndi laft. Fix amathera ndi x, amene ndi k ndi s pamodzi, ndiye fixed ndi fikst. Dance amathera ndi e papepala, koma m'kamwa amathera ndi s, ndiye danced ndi danst. Decide ndi invite nawonso ali ndi e kumapeto, koma maliwu awo otsiriza ndi d ndi t, choncho amalandira phatikizo loonjezera lija. Climb ali ndi b wosatchulidwa, liwu lake lomaliza ndi m, ndiye climbed ndi klaimd. Wofuna umboni woti e uja alidi chete amvetsere mawu a Chingerezi amene amalembedwa mosiyana koma n'kumveka chimodzimodzi: missed ndi mist, guessed ndi guest, banned ndi band, fined ndi find, allowed ndi aloud, passed ndi past. Awiri omalizawa ndiwo amaulula zonse. Munthu yemweyo amene amakuuzani bwinobwino kuti basi inyamuka half past six, akaona passed papepala amati pasedi. Lilime lake latha kale kutchula mawuwo m'mawa womwewo. Lalephera pokhapokha diso litalowererapo.

Tsono kodi n'zachilendo kuti kachidutswa ka mawu kazisintha malinga ndi liwu limene lili patsogolo pake? Kwa woyankhula Chichewa ayi ndithu, chifukwa timachita zimenezi m'chiganizo chilichonse. Taganizirani za msintho wa aneni umene tidaphunzira m'kalasi ya Chichewa. Timati phika, phikidwa, koma lemba, lembedwa. Timati gula, gulidwa, koma ona, onedwa. Timati mangira koma gonera, gulitsa koma onetsa. Tanthauzo la msinthowo ndi limodzi, koma maonekedwe ake ndi awiri, ndipo chosankha ndi liwu la m'tsinde: tsinde likakhala ndi a, i kapena u, msintho umatenga i, likakhala ndi e kapena o, umatenga e. Agogo amene sadaonepo mkati mwa kalasi sanganene kuti lembidwa kapena guletsa ngakhale mutawadzidzimutsa pakati pa usiku. Ngakhale mawu obwereka atangofika kumene amagwa m'lamulo lomweli popanda wowauza: timati kuvotera phungu, koma kutchajitsa foni. Kusiyana kwathu ndi Angerezi n'kwakuti kalembedwe ka Chichewa kamaonetsa poyera zimene pakamwa pakuchita, pomwe ka Chingerezi kadabisa matchulidwe atatu pansi pa zilembo ziwiri zomwezo. Chichewa chikadalemba misintho yonse ndi i, mlendo wophunzira m'buku bwenzi akuti lembidwa, ife n'kumamuseka kuti lilime lake ndi lolemera.

Kuti lamulo lotere limalowa kudzera m'khutu si maganizo chabe. M'chaka cha 1958 katswiri wa ku America dzina lake Jean Berko adasindikiza zotsatira za kafukufuku amene mpaka lero amaphunzitsidwa m'mayunivesite. Adatenga ana a zaka za pakati pa 4 ndi 7 ku Massachusetts, n'kumawaonetsa zithunzi za munthu akuchita chinthu chachilendo, chimene iye adachipekera dzina losapezeka m'Chingerezi, monga rick, mot ndi bod. Kenaka ankawafunsa kuti munthuyo adachita chiyani dzulo. Anawo sakadaloweza mayankho chifukwa mawuwo adali asadawamvepo chibadwire, komabe ambiri adayankha kuti rikt, ndi t woyenera, ena mwa iwo asadadziwe n'komwe kuwerenga. Chochititsa chidwi n'chakuti pa mot ndi bod, pamene pamafunika phatikizo loonjezera, ana ambiri adalephera. Taonani kutembenuka kwake. Kwa mwana wophunzira ndi khutu, t ndi d zimabwera msanga, phatikizo loonjezera n'kumabwera pambuyo. Kwa mwana wathu wophunzira ndi bolodi, phatikizo loonjezera ndilo limayamba, n'kufalikira ngakhale kumene silifunika. Chiyankhulo n'chimodzi chomwecho, koma khomo lolowera ndi losiyana, ndipo zolakwa zake zikusonyeza khomo limene mwana adalowera.

Sindikunena kuti Chichewa sichiikapo chopinga chilichonse. Zopinga zilipo ziwiri, ndipo mphunzitsi wozidziwa ndiye angathandize. Choyamba n'chakuti phatikizo la Chichewa limathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo mawu athu onse amatero. N'chifukwa chake school tidamusandutsa sukulu, bread buledi, spoon supuni, store sitolo. Pakamwa pozolowera motero pakakumana ndi maliwu ngati k, s ndi t ataunjikana kumapeto kwa fixed, kapena s, k ndi t kumapeto kwa asked, pamafuna kuwamasula ndi kaliwu pakati, kapena kutayako limodzi. Chachiwiri n'chobisika kuposa apa. Chichewa chimanena nthawi kumayambiriro kwa mneni. Mukamva ndina-, ndidza- kapena ndima-, mwadziwa kale ngati nkhani ili ya dzulo, ya mawa kapena ya masiku onse, tsinde lisadatchulidwe n'komwe. Khutu lathu lidazolowera kutchera kutsogolo, n'kumapumula mawu akamatha. Chingerezi chimadikira mpaka mneni atha, ndipo nthawi yonse yakale n'kuisenzetsa pa kaliwu kamodzi kosachedwa kuzimirira. Ndiye pamabadwa zolakwa ziwiri zosiyana: wowerenga amakuza kamchirako n'kukhala wokedi, pomwe woyankhula mwachangu amakataya n'kungoti "I walk there yesterday". Onsewa gwero lake ndi limodzi, sadaphunzitsidwe kumvetsera kumapeto kwa mawu.

Pali mbiri ina imene ingatonthoze mtima wa yense amene adasekedwapo chifukwa cha wokedi. Angerezi enieniwo kale ankatchula e ameneyu. M'Chingerezi cha zaka mazana angapo zapitazo -ed lidali phatikizo lathunthu, ndipo kalembedwe kamene tili nako ndi kotsalira ka nthawi imeneyo. M'masiku a Shakespeare matchulidwe onse awiri ankamveka, moti alakatuli ankasankha kutchula kapena kusiya e malinga ndi kayendedwe ka mzere. M'chaka cha 1712 Jonathan Swift, mlembi wa Gulliver's Travels, adalemba kalata yodandaula kuti Chingerezi chikuonongeka, ndipo china mwa zomwe zidamunyansa chidali chizolowezi chomeza e m'mawu ngati disturbed ndi rebuked, n'kusiya maliwu olimba ataunjikana. Dandaulo lake silidaphule kanthu, pakamwa pa anthu padapambana. Zotsalira za katchulidwe kakale zikadalipo m'afotokozi ochepa monga naked, wicked, sacred, crooked ndi wretched, amene amatchulidwa ndi maphatikizo awiri, komanso m'mawu ngati allegedly ndi supposedly amene timawamva pa nkhani za kukhoti. Learned ali ndi nkhope ziwiri: ndi phatikizo limodzi ponena kuti wina adaphunzira chinthu, koma awiri pamene loya akutchula mnzake kuti learned friend. Komanso burnt, learnt, dreamt ndi spelt ndi malo amene kalembedwe kadagonjera katchulidwe. Awa ndi ochepa, oyenera kungowadziwa paokha, ndipo asatichedwetse.

Tsopano wina anena kuti: nanga bwanji osangosiya? Chingerezi cha ku Nigeria chili ndi kamvekedwe kake, cha ku India chilinso ndi kake, ngakhale cha ku Scotland sichifanana ndi cha ku London. Chathunso chikhale chathu, tileke kudzizunza pofuna kumveka ngati owerenga nkhani a BBC. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo mbali yaikulu ndikugwirizana nayo. Palibe chifukwa choti mwana wa ku Ntcheu azichita manyazi ndi kamvekedwe ka kwawo. Akatswiri enanso ali kumbali yomweyo. Jennifer Jenkins, m'buku lake la m'chaka cha 2000 lonena za katchulidwe ka Chingerezi ngati chiyankhulo cha dziko lonse, adafufuza zimene zimasokoneza kumvana pakati pa anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Adapeza kuti kuonjezera kaliwu pakati pa maliwu ounjikana sikuononga kwambiri kusiyana ndi kutaya liwu. Choncho Mmalawi amene amati wokti, ndi ka i kakang'ono kumapeto, asavutitsidwe. T wamveka, nthawi yakale yafika kwa womvera, ntchito yatheka. Koma wokti ndi wokedi si zinthu zofanana. Woyambayo wangovala kamvekedwe ka kwawo, wachiwiriyo wamanga phatikizo lathunthu pamalo pamene Chingerezi chili kale ndi mawu ena. Packed wotchulidwa ndi maphatikizo awiri amakagwera pa packet, marked amakagwera pa market, ticked pa ticket, planned pa planet, locked pa locket. Apa nkhani yachoka pa kamvekedwe, yafika poti womvera akumva mawu amene woyankhula sadanene.

Winanso anena kuti eni chiyankhulowo nawonso amameza kamchira kameneka, ndiye tikudzivutiranji? N'zoona, amameza. Mngerezi akanena mwachangu kuti "I walked to town", t wa walked amalowa mwa t wa to, ndipo simungamusiyanitse. Akatswiri monga William Labov ndi Gregory Guy adafufuza bwino kutayika kwa t ndi d kumapeto kwa mawu m'Chingerezi cha ku America. Koma zimene adapeza zikutsutsa wotsutsayo. Kumezako kuli ndi dongosolo lake: kumachitika kwambiri mawu otsatira akayamba ndi liwu ngati b, k kapena m, ndipo kumachepa akayamba ndi a, e, i, o kapena u. Chachikulu n'chakuti t kapena d akakhala kuti ndiye wanyamula nthawi yakale, satayidwa kawirikawiri ngati pamene ali chabe mbali ya mawu. T wa missed amasungidwa kuposa t wa mist, ngakhale awiriwo amamveka mofanana. Ndiye kuti eni akewo, mosadziwa, amateteza kamchirako pamene kali ndi ntchito. Wophunzira amene amakataya paliponse sakutsanzira iwo ayi. Ndipo tisadalire kuti mawu ngati yesterday kapena last year adzatipulumutsa nthawi zonse, chifukwa ziganizo zambiri zofunika sizikhala nawo. Pofunsidwa mafunso olowera ntchito, "I work at the bank" ndi "I worked at the bank" ndi nkhani ziwiri, ina ya munthu amene ali pantchito, ina ya amene adachoka. Namwino wopatsira mnzake odwala akanena "the patient vomited" kapena "the bleeding stopped", kamchirako ndiko kakunena kuti zachitika kale. Mboni ikauza khoti kuti "they live in that house" pomwe imafuna kunena lived, yasintha umboni wake ndi kaliwu kamodzi.

Chotsutsa chimene ndimachiona champhamvu kwambiri chimachokera kwa aphunzitsi eni ake. Iwo amati mayeso a Chingerezi a MANEB, kuyambira a Sitandade 8 mpaka a Fomu 4, ndi olemba. Palibe woyesa amene adzamvetsere ngati mwana akuti stopt kapena stopedi. Nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, ana ndi ochuluka, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe. Bwanji tsono kutaya mphindi pa chinthu chosabwera pa mayeso? Yankho langa n'lakuti chimabwera, kungoti chimabwera chitabisala. Munthu amalemba zimene akumva m'mutu mwake. Mwana amene khutu lake silimva kamchira ka nthawi yakale amakaiwala polemba chimangirizo, ndipo wochonga aliyense amadziwa zimangirizo zoyamba bwino m'nthawi yakale n'kutsetserekera m'nthawi yatsopano pofika ndime yachiwiri. Zolakwa ngati "I use to go" ndi "we are suppose to", zimene ngakhale Angerezi amazichita, zimabadwira m'khutu, chifukwa d wa used ndi supposed adamezedwa ndi t wotsatira. Pa kulembetsa mawu, mwana wodziwa pasedi yekha akamva mphunzitsi akuti past m'chiganizo chofuna passed, amalemba cholakwika. Kupitirira apo, moyo sutha ndi Fomu 4. Mayeso a IELTS, amene ambiri opita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ya unamwino ku Britain amalemba, ali ndi gawo loyankhula la mphindi 11 mpaka 14, ndipo katchulidwe ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene woyesa amapereka nazo malikisi. Pamenepo munthu wa zaka makumi atatu amayamba kulimbana ndi chizolowezi chimene chidamera ali Sitandade 5. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba.

Nanga zoti ana ndi ochuluka ndipo zipangizo palibe? Apa m'pomwe nkhani yathu ili yabwino, chifukwa siifuna magetsi, kompyuta kapena buku latsopano. Ifuna zala, manja ndi makutu. Koma mphunzitsi asagawe nthawi yake mofanana pa matchulidwe atatuwo, chifukwa kulemera kwake si kumodzi. Funso lalikulu ndi limodzi lokha: kodi phatikizo lionjezereke kapena ayi? Yankho lake ndi lakuti lionjezereke pokhapokha mneni akathera ndi liwu la t kapena d. Ana athu adazolowera kuomba m'manja powerenga maphatikizo a Chichewa, ndiye aombenso apa mabuku atatsekedwa: want kamodzi, wanted kawiri, walk kamodzi, walked kamodzinso, decide kawiri, decided katatu, open kawiri, opened kawirinso. Kalasi ya ana 100 itha kuchita zimenezi pamodzi, ndipo woomba molakwa amadzimva yekha. Kusiyanitsa t ndi d kusadye nthawi yambiri. Mwana akangoleka kulowetsa e pakati, pakamwa pamasankha pokha, chifukwa n'kovuta kutchula d weniweni pambuyo pa k kapena s popanda kupuma. Mayeso a zala pakhosi aja ndi okwanira kumuonetsa chifukwa chake. Matebulo aatali a aneni ogawidwa m'mizere itatu, oti ana akaloweze kunyumba, ndiwo njira yotsimikizika yobwezera nkhaniyi kwa diso.

Pali njira inanso imene ndikuona kuti idapangidwira lilime la Chichewa, ngakhale siiphunzitsidwa mokwanira. Poyankhula, Angerezi sadula mawu amodziamodzi monga alili papepala. Liwu lomaliza limalumphira ku mawu otsatira ngati mawuwo ayamba ndi a, e, i, o kapena u. Picked up amamveka pik-tap. Walked in amamveka wok-tin. Called us amamveka kol-das, stopped it amamveka stop-tit, cleaned it amamveka klin-dit. Tamvani zimene zachitika: t ndi d, amene amavuta ali kumapeto, asamukira kumayambiriro kwa phatikizo, malo amene Chichewa chimawadziwa bwino, monga ta wa tate ndi di wa dimba. Mulu wa maliwu uja waphwasuka wokha popanda kuonjezera kapena kutaya kanthu. Choncho mphunzitsi asayambe ndi asked ali yekhayekha, amene amapunthwitsa ngakhale eni ake. Ayambe ndi asked us, looked at, turned on, washed it, ndipo khutu likazolowera kumva t ndi d pamalo oonekera, apite ku ziganizo zimene mneni ali kumapeto, n'kumalizira ndi zovuta monga walked back. Pomvetsera, anene ziganizo ziwiriziwiri, "they play a game" ndi "they played a game", ana akweze dzanja lamanja akamva zakale, lamanzere akamva za masiku onse. Mwana amene sangamve kusiyanako sangakutchule, ndiye kumva kuyambe. Kulemba kubwere pomalizira, mwana atadziwa kale mawuwo ndi khutu, kuti akaona e uja angomuzindikira kuti ndi wa papepala.

Zonsezi zikuimira pa mphunzitsi amene iye mwini amamva kusiyanaku, ndipo apa tisanamizane. Aphunzitsi ambiri adaphunzira Chingerezi kudzera pa bolodi lomwelo, kwa aphunzitsi amene nawonso adachiphunzira motero. Si mlandu wawo, koma unyolowu uyenera kudukira penapake, ndipo malo ake ndi m'makoleji a aphunzitsi, ku Lilongwe, Blantyre, Kasungu, Karonga, Machinga ndi kwina, komanso ku Malawi Institute of Education ku Domasi kumene mabuku a aphunzitsi amakonzedwa. Tsiku limene buku likuphunzitsa kuika -ed kumapeto kwa mneni likhale tsiku lomwelo lophunzitsa matchulidwe ake, ndipo chitsanzo cha phikidwa ndi lembedwa chilembedwe momwemo, kuti mphunzitsi ayambire pa zimene ana akudziwa. Wailesi nayonso ili ndi gawo lake. Pulogalamu ya Tikwere idaonetsa kuti phunziro litha kufika m'kalasi yakumudzi kudzera pa wailesi, ndipo pa nkhani ngati iyi wailesi imaposa buku, chifukwa ilibe zilembo zosocheretsa. Ife amene timayankhula pa maikolofoni tidziyang'anenso, popeza owerenga nkhani za Chingerezi ndiwo aphunzitsi a katchulidwe a anthu ambiri amene sadzabwereranso m'kalasi.

Inu aphunzitsi amene muli ndi phunziro la nthawi yakale sabata ino, musayambe ndi choko. Uzani ana atseke mabuku, aike zala pakhosi, anene sula ndi zula, kenaka aombe m'manja pa walked ndi wanted. Inu makolo ndi ophunzira, usiku uno nkhani za Chingerezi zikamawerengedwa, tcherani khutu kumapeto kwa aneni, muwerenge kuti ndi angati amene atchulidwa ndi phatikizo loonjezera. Ayenera kukhala okhawo othera ndi t kapena d.